Sikelo, tepi kapena chingwe: ndi muyezo uti umene umanena zoona za mtima wanu?

M'chaka cha 2004 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa chithunzi cha madokotala awiri ataima pamodzi. Mmodzi anali a John Yudkin a ku London, winayo a Chittaranjan Yajnik a ku Pune m'dziko la India. Onse awiri BMI yawo, muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, inali 22.3, nambala imene dokotala aliyense akaiona amati zonse zili bwino. Koma atalowa m'makina ounika thupi, zinapezeka kuti mafuta a m'thupi la a Yudkin anali 9.1 peresenti, pamene a anzawowo anali 21.2 peresenti. A Yudkin ankathamanga mipikisano ya mitunda italiitali. A Yajnik, monga momwe eni akewo analembera moseka, liwiro lawo lonse linali lothamangira chikepe cha pachipatala m'mawa kuti chisawatsekere kunja.

Chithunzi chimenechi chimandikumbutsa kuti funso loti "mumalemera bwanji?" n'lopereŵera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaŵerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi, ndipo kunenepa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakankhira munthu ku matendaŵa. Tsono munthu wofuna kudziŵa pamene waima ali ndi njira zingapo: kukwera pa sikelo, kudzizunguliza tepi pamimba, kuyerekeza mimba ndi matako, kuyerekeza mimba ndi kutalika kwake, kapena kupita ku makina. Njirazi sizinena zofanana, ndipo nthaŵi zina zimatsutsana poyera. Kuti tione imene ikunena zoona, tiyambe ndi mafuta eni akewo.

Mafuta si amodzi

Mafuta amene mumawatsina ndi zala pamkono, pantchafu kapena m'matako amakhala pansi pa khungu. Ameneŵa ali ngati nkhokwe yotsekedwa bwino. Thupi likalandira chakudya chopitirira chimene likufuna, limaika chotsalacho m'menemo, ndipo chimakhala phee osavutitsa ziwalo zina. Koma pali mafuta ena amene simungawatsine chifukwa ali mkati, kuseri kwa minofu ya pamimba, atakuta matumbo ndi ziwalo zina. Munthu amene ali ndi mafuta otereŵa ambiri mimba yake imatuluka kutsogolo ndipo kaŵirikaŵiri imakhala yolimba mukaigwira, osati yofeŵa.

Vuto la mafuta a mkatiŵa lili pa njira imene magazi ake amadutsa. Magazi ochokera kumeneko sayamba azungulira thupi lonse, amapita molunjika ku chiwindi kudzera mu mtsempha waukulu womwe umatenganso chakudya kuchokera m'matumbo. Choncho chilichonse chimene mafutawo atulutsa, chiwindi ndicho chimayamba kulandira. Ndipo amatulutsa zambiri: timadontho ta mafuta tosungunuka, komanso tinthu timene timayambitsa kutupa kwa pang'onopang'ono m'thupi. Chiwindi chikalemedwa chimayamba kusunga mafuta nachonso, chimasiya kumvera bwino insulini (homoni imene imatsitsa shuga m'magazi), chimathira shuga wambiri m'magazi ndi kupanga mafuta a m'magazi ochuluka. Kolesitolo wabwino uja wotchedwa HDL amatsika. BP imakwera. Pakapita zaka, mkati mwa mitsempha mumayamba kumata zinthu, njira imachepa, ndipo tsiku lina mtsempha wa pamtima kapena wa mu ubongo umatsekeka.

Munthu woyamba kulemba momveka za kusiyana kumeneku anali dokotala wa ku Marseille m'dziko la France, a Jean Vague, m'chaka cha 1947. Iwo anaona kuti odwala awo onenepa chakumtunda, monga amanenepera amuna ambiri, ndiwo ankadwala shuga ndi mtima, pamene onenepa chakumunsi, m'matako ndi m'ntchafu, ambiri ankangokhala bwinobwino. Dziko linatenga zaka zoposa 30 lisanawamvere. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1984, pamene ofufuza a ku Gothenburg m'dziko la Sweden anatulutsa zimene anapeza atatsatira amuna ndi akazi a mumzindawo kwa zaka zoposa 10: kukula kwa mimba poyerekeza ndi matako kunkalosera matenda a mtima ndi imfa kuposa kulemera.

Umboni umene ine umandikhutiritsa kwambiri unachokera mbali ina. M'chaka cha 2004 madokotala a ku St. Louis m'dziko la America anatsatira amayi 15 onenepa amene anawapopa mafuta a pansi pa khungu la pamimba, pafupifupi makilogalamu 10 aliyense. Sikelo inatsika, zovala zinakula. Koma atawayezanso patapita milungu 10 mpaka 12, shuga, BP, mafuta a m'magazi ndi kamvedwe ka insulini zinali momwe zinalili kale. Anachotsa mafuta ambiri, koma sanali mafuta amene amadwalitsa.

Muyezo wabwino, choncho, ndi umene ungatiuze kanthu za mafuta obisikawo.

BMI: yakale, yotchuka, yosaona mimba

Kuŵerengera kwake n'kosavuta. Tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugaŵe ndi kutalika kwanu m'mamita, kenako mugaŵenso yankholo ndi kutalika komweko. Munthu wa makilogalamu 72 wotalika mamita 1.70 BMI yake ndi 24.9. Malinga ndi WHO, pansi pa 18.5 ndi kuonda, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi pabwino, 25 mpaka 29.9 ndi kulemera mopitirira, ndipo 30 kupita mtsogolo ndi kunenepa kwambiri.

Amene anayambitsa masamu ameneŵa sanali dokotala. Anali a Adolphe Quetelet a ku Belgium, katswiri wa masamu ndi zakuthambo, amene m'zaka za m'ma 1830 ankafuna kudziŵa maonekedwe a munthu wapakatikati m'gulu la anthu ambiri. Dzina loti BMI linabwera m'chaka cha 1972 kuchokera kwa a Ancel Keys a ku America, atayerekeza njira zingapo pa amuna oposa 7,000 n'kuona kuti iyi ndiyo inali yabwinoko pofufuza magulu a anthu. Mawu oti magulu ndi ofunika pano, chifukwa m'menemo ndimo muli mphamvu ya BMI ndi kufooka kwake komwe.

Pa gulu lalikulu BMI siinama. M'chaka cha 2009 ofufuza anaphatikiza zotsatira za anthu pafupifupi 900,000 ndipo anapeza kuti imfa zinali zochepa kwambiri pakati pa BMI ya 22.5 ndi 25. Kupitirira pamenepo, BMI ikakwera ndi 5, chiopsezo cha imfa chinkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo cha imfa za mtima ndi mitsempha ndi pafupifupi 40 peresenti. Anthu a BMI ya 30 mpaka 35 moyo wawo unkafupika ndi zaka 2 mpaka 4, ndipo a 40 mpaka 45 unkafupika ndi zaka 8 mpaka 10, zofanana ndi zimene fodya amachita kwa munthu wosuta moyo wake wonse. Amene amati BMI ndi yachabechabe ayenera kuyamba ayankha manambala ameneŵa.

Panabuka mkangano m'chaka cha 2013 pamene kafukufuku wina wamkulu, wotsogoleredwa ndi a Katherine Flegal, anasonyeza kuti anthu a BMI ya 25 mpaka 29.9 ankamwalira mocheperako, ndi pafupifupi 6 peresenti, kuposa a BMI yoyenera. Ambiri anakondwa nazo. Koma m'gulu la anthu a BMI yotsika mumabisala anthu osuta fodya, amene kaŵirikaŵiri amakhala opepuka, komanso anthu amene aonda chifukwa matenda ayamba kale kuwadya. Ameneŵa akamwalira amadetsa mbiri ya gulu lonselo. M'chaka cha 2016 gulu lina la ofufuza linaŵerengeranso, litapatula osuta, odwala matenda okhalitsa ndi onse amene anamwalira m'zaka 5 zoyambirira, ndipo imfa zochepa zinabwerera pakati pa 20 ndi 25.

Kwa munthu mmodzi payekha ndi pamene BMI imapunthwa. Sikelo siisiyanitsa mnofu, fupa, madzi ndi mafuta. Wonyamula zitsulo wa mamita 1.70 wolemera makilogalamu 82 BMI yake ndi 28.4, ndipo buku limati walemera mopitirira ngakhale mimba yake ili yophwa. Gogo amene minofu yake yatha ndi ukalamba koma mimba yakula akhoza kulemera chimodzimodzi ndi momwe ankalemerera ali ndi zaka 30. Wodwala mtima amene miyendo yatupa ndi madzi amalemera popanda kunenepa. Ndipo malire akewo anachokera makamaka kwa anthu a ku Ulaya ndi America. Anthu a ku South Asia, monga a Yajnik aja, amasunga mafuta ambiri a mkati pa BMI yotsika, n'chifukwa chake akatswiri a WHO m'chaka cha 2004 anati kwa anthu a ku Asia chenjezo liziyambira pa 23, ndipo chiopsezo chachikulu pa 27.5.

Gulu limene BMI imalinamiza moopsa ndi la anthu ooneka ochepa thupi koma a mimba yotuluka. Ofufuza a ku chipatala cha Mayo Clinic m'chaka cha 2015 anaunika zotsatira za anthu oposa 15,000 a ku America n'kupeza kuti mwamuna wa BMI yoyenera koma wa mimba yaikulu anali pachiopsezo cha imfa choŵirikiza pafupifupi kaŵiri poyerekeza ndi mwamuna wonenepa amene mafuta ake sanaunjikane pamimba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Munthu wotereyu palibe amene amamuchenjeza, chifukwa sikelo imamuyamikira.

Tepi pamimba

Iyi ndiyo njira yachidule yofikira mafuta a mkati popanda makina. Tepi yofeŵa ya telala ikwanira. Malire amene WHO imagwiritsa ntchito ndi aŵa: mwamuna chiopsezo chimayamba kukwera mimba ikapitirira masentimita 94, ndipo chimakula kwambiri ikapitirira 102, mkazi ndi masentimita 80 ndi 88.

Kodi tepi imawonjezera kanthu pa zimene sikelo yanena kale? Imawonjezera. Kafukufuku wotchedwa EPIC, amene anatsatira anthu pafupifupi 360,000 m'maiko 9 a ku Ulaya, anasonyeza m'chaka cha 2008 kuti pakati pa anthu a BMI yofanana, amuna a mimba zazikulu kwambiri ankamwalira moŵirikiza kaŵiri kuposa a mimba zazing'ono kwambiri, ndipo kwa akazi kusiyanako kunali pafupi ndi pomwepo. M'chaka cha 2020 magazini ya zachipatala ya BMJ inaphatikiza zotsatira za anthu oposa 2.5 miliyoni: mimba ikakula ndi masentimita 10, chiopsezo cha imfa chimakwera ndi pafupifupi 11 peresenti.

Ubwino wina wa tepi ndi woti imaona kusintha kumene sikelo siiona. Munthu akayamba kuyenda mwandawala, kupalasa njinga kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta masiku ambiri pa mlungu, mafuta a mkati ndiwo amayamba kusungunuka, ngakhale kulemera kusasinthe kwenikweni. Ambiri amagwa ulesi pakatha miyezi iŵiri poona kuti sikelo yaima pamodzimodzi, chonsecho lamba wayamba kale kumangidwa pa bowo lina.

Zovuta zake zilipo ziŵiri. Choyamba ndi malo oyezera. Ena amayeza pamchombo, ena pamene pali popyapyala, ena pamene buluku limakhala, ndipo kwa munthu wa mimba yogwa malo ameneŵa angasiyane ndi masentimita ambiri. Amuna ambiri amatchula saizi ya buluku lawo ngati muyezo wa mimba, pamene bulukulo limadutsa pansi pa mimbayo. Chachiŵiri ndi choti malire a 94 ndi 80 saganizira kutalika kwa munthu kapena mtundu wake. Bungwe loona za matenda a shuga la International Diabetes Federation m'chaka cha 2005 linaika masentimita 90 kwa amuna a ku South Asia ndi China, ndipo kwa anthu a kumwera kwa chipululu cha Sahara linati azibwereka kaye malire a ku Ulaya mpaka atapezeka awoawo. Kubwereka kumeneku n'kokayikitsa, poti ofufuza aona kangapo kuti anthu akuda amakhala ndi mafuta a mkati ocheperapo kuposa azungu a mimba yofanana nayo.

Dziko la Japan linapita patali. Kuyambira m'chaka cha 2008 lamulo limafuna kuti anthu a zaka 40 mpaka 74 aziyezedwa mimba chaka ndi chaka, ndipo malire ake ndi masentimita 85 kwa amuna ndi 90 kwa akazi. Inde, a akazi ndiwo aakulu. Akatswiri a kumeneko anayambira pa zithunzi za makina zosonyeza mafuta a mkati, n'kuona kuti mkazi amafunika mimba yokulirapo kuti afike pa mlingo wa mafuta a mkati wofanana ndi wa mwamuna, chifukwa mafuta ake ambiri ali pansi pa khungu. Maiko ena sanatsatire, koma zikusonyeza kuti manambalaŵa ndi mgwirizano wa akatswiri, si mpanda umene munthu akaudumpha ndi sentimita imodzi amadwala pomwepo. Chiopsezo chimakwera pang'onopang'ono ngati chitunda.

Mimba poyerekeza ndi matako

Apa mumayeza kaŵiri: pamimba, kenako kuzungulira matako pamene pali potambalala kwambiri, n'kugaŵa nambala yoyamba ndi yachiŵiri. WHO imati chiopsezo chimakula yankho likafika 0.90 kwa mwamuna ndi 0.85 kwa mkazi.

Njira iyi ili ndi nzeru imene zinazo zilibe: imaŵerengera matako ndi ntchafu ngati chitetezo. Kuphatikiza kwa m'chaka cha 2020 kuja kunapeza kuti matako akakula ndi masentimita 10 chiopsezo cha imfa chimatsika ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo ntchafu ikakula ndi masentimita 5 chimatsika ndi pafupifupi 18 peresenti. Zifukwa zake n'zomveka. Kumunsiko kuli minofu ikuluikulu imene imatentha shuga wambiri, komanso kuli nkhokwe yabwino ija imene imasunga mafuta kuti asapite ku chiwindi. Munthu wa miyendo yopyapyala ndi mimba yaikulu wasoŵa zonse ziŵiri. N'chifukwa chakenso mayi akasiya kusamba chiopsezo chake chimayamba kuyandikira cha mwamuna: mahomoni akatsika, mafuta amayamba kusamukira pamimba.

Kafukufuku amene anatchukitsa njirayi ndi INTERHEART, wotsogoleredwa ndi a Salim Yusuf a ku Canada. M'chaka cha 2005 anayerekeza anthu oposa 27,000 a m'maiko 52, ena amene mtima unawagwira koyamba ndi ena abwinobwino, ndipo muyezo wa mimba ndi matako unagwirizana ndi matendawo mwamphamvu kwambiri kuposa BMI, m'mitundu yonse ya anthu. Pamenepa tisamale pang'ono. Anthuwo anayezedwa atadwala kale, ali m'chipatala, ndipo kafukufuku wotere amakonda kukuza kusiyana. Amene anayamba kuyeza anthu adakali bwino n'kuwatsatira sanapeze kusiyana kwakukulu chotero.

Kwa munthu wodziyeza yekha kunyumba, ine njirayi sindiikonda kwenikweni. Miyezo iŵiri ndi mipata iŵiri yolakwitsa. Komanso imatha kunyengerera: mayi wa mimba ya masentimita 100 ndi matako a masentimita 125 amapeza 0.80, yankho lokoma, pamene mimba ya masentimita 100 ndi yaikulu kwa mkazi aliyense. Ndipo munthu akatsika thupi, mimba ndi matako zimatsikira limodzi, yankho n'kukhala lomwe lija, ngati sanachite kanthu. Ndi muyezo wabwino wodziŵira kapangidwe ka thupi lanu kamodzi, osati woti muziuyang'ana mwezi ndi mwezi.

Mimba poyerekeza ndi kutalika

Lamulo lake limakwana m'chiganizo chimodzi: mimba yanu isapitirire theka la kutalika kwanu. Wotalika masentimita 170, mimba ikhale pansi pa 85. Wa masentimita 156, pansi pa 78. A Margaret Ashwell a ku Britain akhala akulimbikitsa njirayi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'chaka cha 2022 bungwe lopereka malangizo a zachipatala m'dzikolo, la NICE, linaivomereza kwa akuluakulu a BMI yosafika 35. Mukagaŵa mimba ndi kutalika, 0.4 mpaka 0.49 ndi pabwino, 0.5 mpaka 0.59 chiopsezo chakwera, 0.6 kupita mtsogolo chakula.

Onani momwe imakonzera zolakwa za zinzake. Mwamuna uja wa makilogalamu 72 ndi mamita 1.70, amene BMI inamupatsa 24.9, ngati mimba yake ili masentimita 96 apeza 0.56, chenjezo loonekeratu. Wonyamula zitsulo uja, ngati mimba yake ili masentimita 82, apeza 0.48 ndipo mlandu wake watha. Mayi wamfupi wa masentimita 150 amene mimba yake ili 79 amapulumuka pa malire a 80, koma apa apeza 0.53. Mwamuna wamtali wa masentimita 192 wa mimba ya 95 wadutsa malire a 94, koma apa ali pa 0.49. Malire ndi amodzi kwa mwamuna ndi mkazi, wamtali ndi wamfupi, ndipo palibe tebulo loti muloŵeze.

Sipafunikanso ngakhale tepi. Dulani chingwe chotalika kuyambira paphazi mpaka pamutu panu, muchipinde pakati, muchizungulize pamimba. Nsonga zikakumana, muli pansi pa theka. Zikakana, mpata wotsalawo ndiwo ntchito yanu, ndipo chingwe chomwecho chidzakuuzani pakatha miyezi itatu ngati mpatawo wachepa. Pa njira zonse zosafuna makina, iyi ndiyo ndingapatse munthu wosafuna kuvutika ndi masamu.

Koma njirayi si ya onse. Mayi woyembekezera asadziyeze. Mimba yotupa ndi madzi, monga zimachitikira pa matenda a chiwindi, mtima kapena impso, si ya mafuta, ndipo imafuna dokotala osati chingwe. Munthu wa BMI yoposa 35 tepi ilibe chatsopano chomuuza. Nkhalamba imene msana wapindika n'kufupika, yankho lake limakwera popanda kunenepa.

Za makina, mwachidule

CT ndi MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, zimaonetsa mafuta a mkati momwe alili, ndipo miyezo ina yonseyi imayesedwa poiyerekeza ndi zimenezi, koma palibe dokotala amene angakutumizeni kumeneko kuti mukangoona mimba. DEXA, imene inaunika madokotala aŵiri aja, imalekanitsa mafuta, minofu ndi mafupa bwino ndithu. Masikelo amagetsi a kunyumba amene amalemba peresenti ya mafuta amadutsitsa mphamvu yochepa ya magetsi m'thupi n'kuyerekeza, ndipo yankho limasintha mukamwa madzi, mukadya kapena mukatuluka thukuta. Nambala ya mafuta a mkati imene ena amaonetsa ndi yongoganizira. Palinso masamu atsopano, monga ABSI ya m'chaka cha 2012 ndi BRI ya m'chaka cha 2013, koma mukawasenda mupeza mkati mwake muli mimba ndi kutalika zomwe zija (ABSI imawonjezerapo kulemera), zitavekedwa masamu ofuna kompyuta.

Zimene tepi singakuuzeni

Pali chinthu chimodzi chimene okonda tepi sakonda kuchitchula. M'chaka cha 2011 gulu la ofufuza linaphatikiza zotsatira za anthu oposa 220,000 amene anayezedwa adakali bwino n'kutsatiridwa. Linapeza kuti BMI, mimba, ndi mimba poyerekeza ndi matako zinkalosera matenda a mtima mwamphamvu yofanana ndithu. Chachikulu chinali china: dokotala akadziŵa kale BP ya munthu, kolesitolo wake, ndiponso ngati ali ndi shuga kapena ayi, kuwonjezerapo muyezo uliwonse wa thupi sikunkasintha kwenikweni ulosiwo.

Izi sizikugwetsa zimene tanena. Mafuta a pamimba amavulaza mtima kudzera mu BP, shuga ndi mafuta a m'magazi, choncho mukayeza zitatuzo mwayeza kale zipatso za mimbayo. Koma zikuika tepi pamalo pake. Ndi mlonda wa pachipata amene amakuuzani kuti mukayezetse, si woweruza. Munthu woonda wosuta fodya amene BP yake ili pamwamba ali pangozi kuposa wonenepa wosasuta amene BP ndi shuga zili bwino, ndipo chingwe sichingaone zimenezo. Sichionanso zaka, kapena zoti bambo anu anagwa ndi mtima asanakalambe.

Akatswiri nawo tsopano akuloŵera pophatikiza. Bungwe la madokotala la American Medical Association linanena m'chaka cha 2023 kuti BMI isamagwiritsidwe ntchito payokha, ndipo mu Januwale 2025 gulu la akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana linalemba mu The Lancet Diabetes & Endocrinology kuti BMI yokwera izitsimikiziridwa ndi muyezo wina, monga wa mimba, munthu asanatchedwe wonenepa kwambiri.

Ndiye kusankha kwake kukhoza kuyenda motere. Ngati BMI yanu ili pansi pa 35, yambani ndi mimba poyerekeza ndi kutalika, ndipo koposa onse achite izi ndi amene sikelo imawasangalatsa. Ngati mwayamba zolimbitsa thupi, tsatirani masentimita a pamimba, sikelo muziikwera mwa apo ndi apo. Sikeloyo musaitaye: kutsika thupi musakufuna, kapena kukwera makilogalamu angapo m'masiku ochepa miyendo itatupa, ndi zizindikiro zimene iyo yokha imazigwira msanga, ndipo zonse ziŵiri n'zofuna chipatala. Ngati mukumwa mankhwala kwa nthaŵi yaitali, monga a mtundu wa prednisolone, ndipo mwaona mimba ikukula miyendo ndi manja zikuchepa, uzani amene anakulemberani, musangosiya nokha. Ndipo chingwe chikakana kukumana, sitepe yotsatira ndi kukayezetsa BP, shuga ndi kolesitolo, chifukwa zitatuzi zimatha kukwera kwa zaka munthu asakumva kanthu.

Poyezapo, chitani m'maŵa musanadye. Imani chilili, mapazi moyandikana, malaya mutavula kapena mutakweza. Fufuzani ndi chala nthiti yomaliza cha m'mbali, kenako nsonga ya fupa la m'chiuno pansi pake; tepi idutse pakati pa malo aŵiriŵa, mozungulira molingana kutsogolo ndi kumbuyo. Kwa ambiri pamenepa ndi pamwamba pang'ono pa mchombo. Tepi ikhudze khungu koma isaloŵe m'mnofu. Pumani monga mwa masiku onse, ndipo muŵerenge mpweya utangotuluka, osakokera mimba mkati monga timachitira pojambulitsa. Yezani kaŵiri. Manambala akasiyana ndi sentimita yoposa imodzi, yambiraninso.